Wapaulendo pa M1 adye bwino, akafike wamoyo

Basi ikamayandikira pa Zalewa, ngakhale amene anali m'tulo amadzidzimuka. Isanaime n'komwe bwinobwino, m'mawindo monse mumakhala mutadzaza kale manja ndi mabeseni. Uyu wanyamula chimanga chootcha, uyo mazira owiritsa, winayo zibwente zothira tsabola, wina malambe. "Bwana, chotentha ichi!" "Amayi, agulireniko anawo!" Pakangotha mphindi zochepa basi ija yanyamuka, ndipo ndalama zimene zatuluka pawindo pa kanthawi kameneko ndi zomwe zikagule ufa, sopo ndi makope a ana madzulo a tsiku lomwelo.

Zochitika pa Zalewa zimachitikanso pa Nchalo, pa Lizulu, pa Chimbiya, pa Mponela, pa Jenda ndi m'matauni ena ambiri amene adamera m'mbali mwa msewu wa M1. Msewuwu ndi wotalika makilomita oposa 1,000 kuchokera ku Marka m'boma la Nsanje mpaka pamlatho wa Songwe m'malire a dziko lino ndi Tanzania, ndipo paliponse pomwe galimoto zimaima pali wina amene akuphika. Komatu ambiri mwa ophikawa alibe madzi aukhondo pafupi, alibe chimbudzi choti alozere kasitomala, ndipo ena amachitira malonda awo m'mphepete mwenimweni mwa phula pomwe pamadutsa mathiraki.

Apa ndiye pagona nkhani. Makhonsolo amatolera ndalama za msika tsiku ndi tsiku kwa mayi wa thobwa, kwa mnyamata wa pachiwaya ndi kwa mwini lesitilanti. Yakwana nthawi yoti ndalamazo zizioneka pamalo pomwe zatoledwa, ndipo zionekere m'zinthu zitatu: mpopi wa madzi, chimbudzi chosamalika ndi malo oimikapo galimoto kunja kwa msewu. Ogulitsa nawo ali ndi mbali yawo yoti akonze. Zikapanda kutero, wapaulendo adzayamba kungodutsa, ndipo olira adzakhala mabanja a m'matauni omwewa.

Msewu wa M1 si wadzulo. Akuluakulu amakumbukira mabasi a United Transport aja ankangowatchula kuti UTM, kenaka a Stagecoach, kenakanso a Shire Bus Lines. Basi ya lokolo inkaima pafupifupi siteji iliyonse, ndipo munthu wanzeru ankanyamuka ndi kamba womanga pampango: mbatata yootcha, chigumu, mtedza wokazinga, kapena nkhuku yonse ngati akupita kuchibale cha kutali. Kamba akatha, ankadalira amayi a m'madepoti amene ankaphika nsima ndi tiyi usiku wonse podikira basi yomaliza.

Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, maulendo a pakati pa Blantyre ndi Lilongwe adachuluka. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu wina wa dziko lino adayamba kulowera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe ndi Karonga. Pakati pa Ntcheu ndi Dedza, pomwe msewuwu umayenda m'malire enieni a maiko awiriwa, anthu othawa nkhondo adadzaza m'midzi kufikira mtendere utabwera mu 1992. M'nyengo zonsezi, pomwe galimoto zaima padapezeka wina wokoleza moto n'kutereka mphika. Matauni ambiri a m'mbali mwa msewuwu adayamba motero, ndi kachisakasa ka tiyi, golosale ikubwera pambuyo.

Wofuna kudziwa chimene dera lililonse limalima ndi kuweta sasowa kufunsa alangizi, angoyenda pa M1 ali ndi njala. Kuchigwa cha Shire, ku Bangula, Ngabu ndi Nchalo, ndi kwawo kwa mbuzi ndi ng'ombe, choncho kanyenya sasowa. Kulinso milamba ndi makakana zochokera mumtsinje wa Shire ndi m'madambo ake. Pa Nchalo, pomwe pali minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga ya Illovo, malo odyera amadzaza kwambiri kumapeto a mwezi antchito akalandira. Ndipo wopita ku Blantyre asanawoloke mlatho wa Kamuzu n'kuyamba kukwera zitunda za Chikwawa, amafika pamalo pomwe dzina lokha limamulangiza chochita: pa Dyeratu.

Kuchoka ku Blantyre kulowera kumpoto, msewu umadutsa pamsika waukulu wa Lunzu, pa Lirangwe, n'kukawoloka Shire pa Zalewa. Kuyambira apo mpaka ku Phalula, Senzani ndi Manjawira ndi dziko lotentha, la milambe ndi masau. Anthu akamaliza kukolola, anyamata amaima m'mbali mwa msewu atakweza mipani ya mbewa, ndipo galimoto zapamwamba zomwe zimaima, mwini wake n'kutsitsa galasi pang'ono, maso uku ndi uku kuopa kuti amuona anzake a kuofesi.

Kumtunda kwa Ntcheu ndi Dedza mphepo imasintha, malonda n'kusinthanso. Pamphambano ya ku Tsangano, pa Lizulu ndi pamphambano ya ku Bembeke pamakhala milu ya kachewere, kabichi, anyezi, tomato, karoti ndi nyemba, zina zolimidwa tsidya la Mozambique lomwe lili kungowoloka msewu. Tchipisi cha pachiwaya cha kuno chimakazingidwa ndi kachewere wokumbidwa m'minda yapafupi, ndipo odziwa kudya amati n'chosiyana ndi cha m'tauni. Galimoto yopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre ikachoka pamenepa, kumbuyo kumakhala kutalemera ndi ndiwo za sabata yonse.

Ku Dedza komweko kuli Dedza Pottery, malo oumba mbale ndi makapu amene adayamba mu 1987. Alendo akunja, kuphatikizapo amene amabwera kudzaona zojambula zamakedzana za m'mapanga a Chongoni zomwe bungwe la UNESCO lidaziika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, amapatuka pamsewu kukamwa khofi ndi kudya keke kumeneko. Sikuti khofi yekha ndiye amawakoka ayi. Amadziwa kuti akafika apeza poimika galimoto, posamba m'manja ndi chimbudzi chaukhondo. Mfundo imeneyi eni malo odyera ang'onoang'ono aisunge.

Kupitirira Chimbiya, Linthipe ndi Nathenje, kudutsa mumzinda wa Lilongwe, msewu umalowa m'dziko la fodya, chimanga ndi mtedza. Pa Lumbadzi, Mponela, Madisi ndi Kasungu ndi kwa nsima yolimba ya nkhuku ya lokolo, mang'ina, nyama ya mbuzi ndi nkhwani wotendera. Msika wa fodya ukatsegulidwa, alimi ndi oyendetsa malole amadzaza m'malesitilanti, ndipo m'matiyirumu ketulo sichoka pamoto kuyambira mbandakucha. Mwini malo amene wasunga bwino ndalama za miyezi imeneyi ndiye amaoloka nazo Januwale ndi Febuluwale.

Kumpoto kwa Nkhamenya kuli Jenda, komwe mabeseni a tomato ndi anyezi amandanda m'mbali zonse za msewu. M'nkhalango ya Chikangawa anthu amagulitsa bowa m'dzinja komanso uchi. Munthu akadutsa Mzuzu, Ekwendeni, Bwengu ndi Phwezi n'kutsika zitunda za Chiweta, nyanja imaonekera, ndipo mbale imasanduka ya kondowole ndi usipa kapena batala. Ku Karonga mlendo amalandiridwa ndi mpunga wonunkhira wa Kilombero, mbalagha wa nthochi zophika pamodzi ndi nyama, komanso chambiko. Palibe hotela imodzi m'dziko muno imene ingamuikire munthu zakudya zonsezi patebulo limodzi.

Tsono mbale imodzi ya nsima yogulidwa pamsewu sidyetsa wophika yekha. Imadyetsa mlimi amene adagulitsa chimanga, wachigayo, wankhuni, wakabaza amene adanyamula thumba la kachewere, wopha mbuzi ndi mtsikana wotunga madzi. Ndalama ya wapaulendo ikagwa pa Lizulu imazungulira pa Lizulu pomwepo kangapo isanachoke. Ambiri mwa ochita malondawa ndi amayi amene mpamba wawo adaukongola kubanki m'khonde, ndipo pali aphunzitsi, anamwino ndi apolisi ambiri lero amene fizi yawo idachokera m'beseni la mandasi ndi zitumbuwa.

Malondawa akhala akupsinjika. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu 2022 ndi 44 peresenti mu 2023, mitengo ya mafuta ophikira, shuga, ufa wa tirigu ndi mayendedwe idakwera, pomwe kasitomala ankafunabe mbale yodzaza pamtengo wakale. Munthu amene phindu lake ndi lochepa chotere sangathe kukumba mjigo kapena kumanga chimbudzi chamakono payekha. N'chifukwa chake pali khonsolo, ndipo n'chifukwa chake pali tikiti ya msika.

Vuto loyamba ndi madzi. M'malo ambiri odyera madzi amachita kugulidwa pachigubu, ndiye amasamalidwa ngati mafuta. Beseni limodzi lotsukira mbale limagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzi ake atasanduka msuzi. Pena makasitomala onse amasamba m'manja m'beseni limodzi, womaliza n'kumasamba litsiro la anzake. Saladi wa kabichi ndi tomato amene amathiridwa patchipisi sapita pamoto, choncho chilichonse chimene chili m'madzi otsukirawo chimalowa m'mimba mwa wodya.

Zotsatira zake Amalawi adaziona ndi maso. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 m'boma la Machinga udafalikira m'maboma onse, udagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Udali mliri wa kolera woopsa kuposa wina uliwonse m'mbiri ya dziko lino, moti mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa. M'malo ena akuluakulu adaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika, ndipo mabanja odalira malondawa adagona ndi njala. Kolera samasankha kuti uyu ndi wogula, uyu ndi wogulitsa. Ndipo matenda ogwidwa pamsewu ndi oipa kawiri, chifukwa munthu amadya pa Ntcheu n'kukadwalira ku Mzimba, komwe akapatsirenso ena.

Nthawi ya mliri ija ndowa za mpopi ndi sopo zidaoneka pakhomo la pafupifupi lesitilanti iliyonse, monga zidaonekeranso nthawi ya Covid-19. Mliri utazizira, zambiri mwa ndowazo zidabwerera kukasungira ufa. Pakadafunda padajiwitsa galu. Dzinja lililonse limabwera ndi chiopsezo chomwecho, ndipo ukhondo umene umadikira kuti wailesi ilengeze za imfa si ukhondo ayi.

Vuto lachiwiri ndi chimbudzi. Ulendo wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe ndi wa makilomita oposa 300, chimodzimodzinso wa pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu. Basi ikaima patchire kuti anthu adzithandize, abambo savutika, koma amayi, atsikana, okalamba ndi olumala amazunzika. Amayi ambiri amasankha kusamwa ndi kusadya kanthu ulendo wonse kuopa kuchita manyazi panjira. Wogulitsa thobwa amene amadandaula kuti malonda sakuyenda adziwe kuti theka la anthu a m'basimo likumeza malovu, osati chifukwa chosowa ndalama koma chifukwa chosowa kolowera. M'misika ina chimbudzi chilipo koma chidadzaza kalekale, kapena n'chokhoma ndipo wosunga kiyi sadziwika komwe ali.

Vuto lachitatu ndi msewu womwewo. Poti malo oimikapo galimoto palibe, minibasi ndi malole zimaima paphula, ogulitsa n'kuzizinga, ena n'kumathamangira basi imene yayamba kale kuyenda pofuna chenje chawo. Pakati pa othamangawo pamakhala ana a msinkhu wa kupulayimale atasenza mazira pamutu. Tsiku la msika anthu amachita kuyala malonda mpaka pamzere wachikasu. Mu 2019 thiraki idalowa m'khamu la anthu pamsika wa Kampepuza m'boma la Ntcheu, ndipo anthu oposa 15 adafa. Dziko lidalira, akuluakulu adalankhula, koma amene amayenda pa M1 masiku a msika amadziwa kuti m'malo ambiri malonda akadali m'kamwa mwa msewu. Chakudza sichiimba ng'oma.

Pamwamba pa zitatuzi pali zinyalala. Zitsononkho, makoko a nzimbe, mabotolo ndi majumbo zimaponyedwa pawindo n'kukatseka ngalande za madzi. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la Supreme Court lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma mpaka lero tchipisi chotentha chimaikidwa m'kajumbo kopyapyala, wodya n'kukataya pomwe wamalizira. Mbuzi zimene zimadya majumbowo ndi zomwe mawa lake zimapezeka pachiwaya.

Ogulitsa nawo asabisale kumbuyo kwa khonsolo. Pali zina zimene sizifuna ndalama ya boma. Mafuta okazingira amene abwerezedwa mpaka kuda bii si abwino m'thupi la munthu. Nyama ya chiweto chimene chafa chokha, kapena chophedwa usiku kuseri osayezedwa ndi azowona za ziweto, siyenera kufika pambale. Nsomba ndi nyama zotsala dzulo sizisanduka zatsopano chifukwa chozibweza m'mafuta. Chakudya chosavundikira m'mbali mwa msewu chimadyedwa kaye ndi ntchentche ndi fumbi. Palinso chizolowezi choipa chotchula mtengo poyang'ana galimoto imene munthu watsikamo, kapena kuzengereza ndi chenje mpaka basi itanyamuka. Wogulitsa amaganiza kuti wapaulendo sabweranso, kuiwala kuti dalaivala ndi kondakitala amadutsa pomwepo tsiku lililonse, ndipo ndi iwo amene amasankha poimika basi.

Ena anganene kuti njira yachidule ndi kungowathamangitsa anthuwa. Njira imeneyo idayesedwa kale. Mu 2006 boma lidachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda pa ntchito ija idatchedwa Operation Dongosolo. Misewu idayera kwa kanthawi, koma patapita zaka mavenda adabwerera, chifukwa wogulitsa amatsata komwe kuli wogula. Kumanga msika kutali ndi pomwe galimoto zimaima ndi kutaya simenti chabe. Chofunika ndi kusuntha poimira galimoto ndi pogulitsira pamodzi, kuzichotsa paphula n'kuziika pambali pomwe onse awiri angakumane popanda wogundidwa.

Zinthu zikapanda kusintha, chilango chake sichidzachokera kukhonsolo koma kwa makasitomala. Mabasi akuluakulu a masiku ano amene amayenda pakati pa mizinda saima siteji iliyonse monga ankachitira a lokolo. Ena amapereka chakumwa ndi kachakudya m'basi momwemo. Mabanja oyenda pagalimoto zawo amakonda kuima pamalo othirira mafuta pomwe pali shopu ndi chimbudzi, n'kugula mabisiketi ochokera kunja m'malo mwa chikondamoyo chophikidwa m'tauni momwemo. Ndalama imene ikadatsala kwa mlimi wa m'deralo imapitirira.

Mbiri ya msewu womwewu ikuchenjeza. Kale wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ankadzera ku Zomba, Liwonde ndi Balaka. Njira yachidule ya ku Zalewa itakonzedwa, galimoto zambiri zidasiya kuzungulira, ndipo malonda a apaulendo opita ku likulu adasamukira kumsewu watsopanowo. Amene adali ndi malo odyera kunjira yakale sadalakwe kanthu, kungoti makasitomala awo adapeza podzera pena. Msewu sulonjeza tauni iliyonse kuti udzaidyetsa mpaka kalekale.

Zoterezi zidachitikanso ku America, ndipo kumeneko kuli phunziro la momwe tauni yosiyidwa ingadzukire. Msewu wotchuka wa Route 66, umene udakhazikitsidwa mu 1926 kuchokera ku Chicago kulowera ku Los Angeles, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,900, udadyetsa mabanja ambirimbiri a malo odyera ndi ogona alendo. Boma la dzikolo litamanga misewu ikuluikulu yolambalala matauni, malonda adagwa, ndipo mu 1985 msewuwo udachotsedwa pamndandanda wa misewu yaikulu. Tauni yaing'ono ya Seligman m'chigawo cha Arizona idalambalalidwa mu 1978, galimoto n'kusiya kudutsamo pafupifupi tsiku limodzi.

Anthu a ku Seligman sadangokhala manja m'khosi. Mu 1987 mmodzi mwa iwo, wometa tsitsi dzina lake Angel Delgadillo, adasonkhanitsa anzake n'kuyambitsa bungwe lolimbikitsa kuti msewu wakalewo uzindikiridwe ngati chuma cha mbiri. Zidatheka, ndipo alendo ochokera m'maiko osiyanasiyana adayamba kupatuka dala pamsewu wachangu kuti akadye m'malo akale a m'tauniyo. Chimene chidawabweza si phula, koma kuti pamalopo padali chifukwa choimira. Matauni a pa M1 ali ndi mwayi woposa pamenepo, chifukwa galimoto zikudutsabe pakhomo pawo. Kwatsala n'kuzipatsa chifukwa choimira.

Nthawi yoganizira zimenezi ndi ino. Mu 2022 boma lidakhazikitsa ntchito yokonzanso makilomita pafupifupi 300 a M1 kumpoto kwa Lilongwe ndi thandizo la European Investment Bank ndi European Union. Zipata zolipiritsa galimoto zidatsegulidwa pa Chingeni mu 2021 ndi pa Kalinyeke mu 2022. Msewu wosalala ndi dalitso, koma umachititsanso kuti galimoto zizithamanga kwambiri ndi kuima pang'ono. Tauni imene ilibe malo abwino oimapo idzangomva mphepo ya mabasi, ndipo ngozi zikachitika zidzakhala zoopsa kuposa kale.

Choncho a Roads Authority, pokonza kapena pokulitsa gawo lililonse la msewuwu, aziika m'mapulani malo oimikapo mabasi ndi malole pamisika yonse ikuluikulu, pamodzi ndi zikwangwani, malo owolokera anthu ndi zitunda zochepetsa liwiro. Azikhala pansi ndi mafumu, makomiti a misika ndi eni minibasi asanathire phula, osati kudzafunsa maganizo ntchito itatha. Woyendetsa galimoto amene walipira pa Chingeni kapena pa Kalinyeke ali ndi ufulu woyembekezera malo abwino opumira panjira.

Makhonsolo, amene lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidawapatsa udindo woyang'anira misika, ayambe ndi chinthu chosavuta: azimata pakhomo la msika uliwonse chikalata chosonyeza ndalama zimene zatoledwa mwezi umenewo ndi zimene zagwiritsidwa ntchito pamsikapo. Wogulitsa akaona kuti tikiti yake yagula mpopi, sadzathawanso wotolera msonkho. Chimbudzi cholipira chiperekedwe kwa gulu la amayi kapena achinyamata a m'deralo kuti azichisamala n'kumapezapo kangachepe. Pakhale dzenje kapena migolo ya zinyalala, ndi tsiku lodziwika lozichotsa. Makhansala ndi aphungu amene amasankha ntchito zachitukuko za m'madera awo akumbukire kuti chimbudzi cha pamsika chimathandiza anthu ambiri patsiku kuposa zina zimene amakonda kudulira riboni.

Azaumoyo asamangofika kolera akabuka. Alangizi a zaumoyo aziyendera malo odyera nthawi ndi nthawi, osati kukaopseza koma kukaphunzitsa kathiridwe ka kolorini m'madzi, kasungidwe ka chakudya ndi katsukidwe ka ziwiya. Amene wakwaniritsa zofunika apatsidwe chiphaso chopachika poonekera kuti wapaulendo adziwe polowa. Wokanika atachenjezedwa atsekeredwe, ngakhale atakhala mbale wake wa khansala. Azowona za ziweto nawo azipezeka m'mawa pomwe mbuzi ndi nkhumba zikuphedwa.

Ogulitsa agwirizane, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amayi khumi a malesitilanti atha kusonkherana ndalama yogulira thanki ya madzi kapena yolumikizira mpopi umodzi. Komiti ya anyamata a pachiwaya itha kugwirizana kuti amene wapezeka ndi nyama yokayikitsa achoke pamzere, chifukwa mbiri yoipa ya mmodzi imathawitsa makasitomala a onse. Mitengo ilembedwe pabolodi kuti wa galimoto ndi wa njinga alipire chimodzimodzi. Ndipo ana a sukulu asatumidwe kuthamangira mabasi. Mtengo wa mazira onse a m'thireyi sufika pa mwendo wa mwana.

Mabanja amene amayenda pamsewuwu alinso ndi mphamvu m'thumba mwawo. Kholo lisanagulire mwana chakudya liziyang'ana kaye: kodi pali posamba m'manja ndi sopo, madzi ake ochita kuthirira? Chakudyacho n'chotentha, n'chovundikira? Chipatso chosenda chokha monga nthochi ndi nachesi n'chosaopsa kusiyana ndi chodula kale. Pomwe pali ukhondo agule, ayamikire, akauzenso anzawo. Pomwe palibe anene poyera chifukwa chimene akuchokera, mwaulemu, kuti mwini malo amve. Zinyalala zisungidwe m'galimoto mpaka pofika. Madalaivala nawo aziimika pamalo oyenera ndi kupatsa anthu nthawi yokwanira yotsika, kusamba m'manja ndi kudya atakhala pansi.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wapaulendo wa pa M1 amakhala m'tauni mphindi 10 kapena 20 zokha, koma zimene waona ndi kudya pa mphindi zimenezo amakazifotokoza ku Nsanje kapena ku Karonga. Akafika ali bwino, ulendo wina adzauza dalaivala kuti aime pomwepo. Akafika akutsegula m'mimba, dzina la tauniyo lidzamveka m'chipatala. Mayi wa thobwa wa pa Lizulu ndi mnyamata wa pachiwaya wa pa Jenda amalipira tikiti yawo m'mawa uliwonse. Khonsolo iwapatse mpopi, chimbudzi ndi malo otetezeka ogulitsirapo mvula ya chaka chino isanagwe.